Loko wa pa khomo la m'mbali: lipoti la gulu la achitetezo pa mpingo wina ku Harare

Ndagwira ntchito ya ulonda mu Harare muno kwa zaka zoposa 20, poyamba pa geti la fakitale ku Workington, kenaka ngati woyang'anira alonda anzanga. Masiku ano ndimaphunzitsa anthu odzipereka m'mipingo. Nkhani ndikulembayi ndi ya mpingo umodzi wa kumadzulo kwa mzinda uno, ndipo dzina la mpingo ndi mayina a anthu ndawasiya dala. Ndikulembera anzanga amene mumaitanidwa zinthu zitathina kale, poti ndi nthawi yokhayo imene mipingo imatikumbukira.

Mpingowo ndi mmene zinayambira

Mpingowu anauyambitsa ndi matchona, azigogo athu amene anabwera ku Salisbury, dzina lakale la Harare, kudzagwira ntchito m'mafakitale, kunjanji ndi m'nyumba za azungu, ambiri mwa iwo nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, 1953 mpaka 1963. Nyimbo ndi ulaliki zikadali m'Chichewa, koma achinyamata akangotuluka panja ndi Chishona chokhachokha. Lamulungu wamba pamasonkhana anthu ngati 300, ndipo pa mapemphero ochezera, amene kuno timati pungwe, amaposa apo. Tchalitchicho chili ndi makomo atatu: lalikulu kutsogolo, lina m'mbali, lachitatu ku vestile kuseri kwa guwa. Mawindo onse anawotchereredwa zitsulo.

Choyamba kusowa chinali batire ya galimoto ya mkulu wampingo wina, pa mapemphero a Lachitatu madzulo. Anthu anangoti tsoka. Pa pungwe yotsatira mafoni anayi anasowa m'zikwama za amayi amene anapita kutsogolo kukapemphereredwa. Kenaka usiku wina jenereta inanyamulidwa kuseri kwa tchalitchi. Chopereka cha masika nachonso chinaperewera poyerekeza ndi zimene anthu ankati anaponya, koma iyi inali nkhani ya m'manong'onong'o.

Wapampando wa achinyamata anasonkhanitsa anyamata 15, onse amphamvu zawo, ndipo bwalo la akulu linawadalitsa popanda kuwafunsa kuti azikachita chiyani kwenikweni. Aliyense anadzipezera chida: zibonga, mipini ya makasu, wina chikoti. Ankakonda kutchula Nehemiya 4, za omanga linga amene ankagwira ntchito ndi dzanja limodzi, lina lili pa chida. Msungichuma anagula tcheni ndi loko wamkulu n'kutseka khomo la m'mbali, ati mbava zimathawira kumeneko. Jenereta yatsopano anailowetsa m'kanjira ka ku vestile kuti isabedwenso.

Patapita milungu isanu anagwira munthu. Anali mnyamata wa zaka 16 amene anamuona akudumpha mpanda wakumbuyo. Anamumangirira ku mtengo wa mapeyala ndi chingwe choyanikira zovala, n'kumukwapula mpaka mkono kuthyoka. M'thumba mwake munali foni yakale ndi kagalasi kokhota kochokera ku babu la magetsi, kamene ana amasutira mutoriro, mankhwala ozunguza bongo otchedwa crystal meth. Atamuwalitsa tochi kumaso ndi pamene wina anamuzindikira: anali mdzukulu wa gogo wina amene anasenza nawo njerwa zomangira tchalitchi chomwecho. M'mawa mwake gogoyo anafika kwa abusa ndi ndodo yawo, n'kunena mawu amene abusa anandibwerezera kangapo: "Abusa, mwanayu munamubatiza ndinu. Lero mwamumanga ngati mbuzi ya pa chikwati."

Tsiku lomwelo abusa anandiimbira. "Bambo, tabwerani mudzatiwongolere anyamatawa, atichititsa manyazi."

Zimene ndinapeza

Sindinayambire kwa anyamatawo. Ndinapempha abusa kuti asauze munthu, ndipo Lamulungu ndinapita ngati mlendo, nditavala jekete, Baibulo kukhwapa. Pa geti panali anyamata asanu ataunjikana malo amodzi, msana ku msewu, maso pa foni. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Mnyamata amene ankanditsatira, wovala malaya operepeseka, anamuimitsa n'kumupisa m'matumba. Chizolowezi chimenechi ndachiona m'mipingo yambiri: jekete ndiye chiphaso.

M'kati ndinakhala benchi lomaliza. Khomo la m'mbali linali lomangidwa tcheni chokulungidwa kawiri pa zogwirira, loko atayamba dzimbiri chifukwa cha mvula yodontha pakhonde. Ndinafunsa mtumiki wina chapansipansi kuti kiyi ali ndi ndani. Anati ali ndi a msungichuma, koma apita ku maliro ku Chitungwiza. Ku vestile kanjira kanali kodzaza: jenereta, zigubu ziwiri za petulo, mabokosi a mabuku a nyimbo akale. Chozimitsira moto chinali chimodzi, chikugwira ntchito ngati mwala wochirikizira chitseko, kamuvi kake kali pa mzere wofiira. Mapemphero atatha ndinayang'ana wotchi: panatenga mphindi 11 kuti munthu womaliza atuluke pa khomo limodzi lija, masana dzuwa likuswa mtengo, popanda wothamangitsa.

Ana a Sande sukulu ankaphunzirira m'chisakasa pafupi ndi mpanda wakumbuyo uja, ndipo kuchimbudzi ankapita okhaokha. Chopereka ankawerenga munthu mmodzi atadzitsekera, madola a ku America, ndalama ya dziko lino ya ZiG ndi zotumizidwa pa foni kudzera pa EcoCash zonse pa pepala limodzi, kenaka ndalama m'thumba la jekete, ulendo wa pa minibasi, imene kuno timati kombi.

Pa bwalo la akulu ndinanena mosapita m'mbali kuti pa zoopsa zimene ndinaona, mbava yodumpha mpanda ndi yachinayi. Choyamba ndi moto ndi kupondana potuluka, chachiwiri ana, chachitatu anyamata awo omwe a zibonga. Sanakondwe. Mkulu wina anati, "Bambo, ife takuitanirani za akuba, inu mwayamba za zitseko." Ndinawakumbutsa za ku Mbizo Stadium ku Kwekwe, kumene mu Novembala 2014 anthu 11 anafa popanikizana potuluka pa msonkhano wa mapemphero. Kumeneko sikunalowe mbava. M'chipindamo munati zii.

Zimene tinagwirizana ndi zifukwa zake

Ndinakana kuyamba maphunziro nkhani ya mnyamata uja isanakonzedwe. Ena ankafuna kuikwirira, ati zithere m'banja la Mulungu. Koma kumenya munthu ndi mlandu pansi pa lamulo la milandu la dziko lino, Criminal Law Code, ngakhale womenyedwayo ataba, ndipo kumumangirira ku mtengo ndi mlandu winanso. Gulu lophunzitsidwa pamwamba pa chinsinsi chotere limangophunzira kuti mpingo udzalibisa likadzalakwanso. Abusa, akulu awiri ndi gogo uja anapita ku polisi, nkhani inalembedwa, nambala ya RRB, buku limene apolisi amalembamo madandaulo, anaitenga. Mpingo unalipira za kuchipatala, akulu anakapepesa kunyumba, ndipo patapita nthawi banja linasankha lokha kusapitiriza dandaulo. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu, ndipo apa zinapotadi amene anadalitsa gulu osaliuza malire.

Awiri amene anatsogolera kumenyako anatuluka m'gulu. Ena ankati gulu lonse lithe. Ndinatsutsa. Anyamata amene amalolera kugona panja mwezi wa Juni, kuzizira kwa Harare kuli pachimake, popanda kulandira kanthu, ndi chuma chimene mipingo yambiri ilibe. Chimene analibe ndi wowauza ntchito.

Tinasankhanso gulu la anthu 12, asanu mwa iwo amayi, kuyambira zaka 19 mpaka kupitirira 60. Aliyense anayenera kukhala kuti wakhala mumpingo zaka ziwiri, akulu awiri amuikire umboni, ndipo oyang'anira ana anakatenga police clearance, chikalata cha apolisi chosonyeza kuti munthu alibe mbiri ya milandu. Za amayi panali kung'ung'udza. Komatu mayi wa mvano amadziwa nkhope iliyonse, amadziwa kuti uyu ndi mwana wa uje, uyu sitinamuonepo. Amalowa kuchimbudzi cha akazi kumene mnyamata sangalowe. Ndipo mwamuna woledzera amene angalimbane ndi mnyamata mnzake amafewa mayi wa msinkhu wa amayi ake akamuuza kuti, "Mwanangu, tiye ukhale apa umwe madzi."

Dzina la "security" tinalisiya, n'kuwatcha atumiki a pakhomo. Ntchito ya ulonda yochitira malipiro ili ndi lamulo lake m'dziko muno, Private Investigators and Security Guards (Control) Act, ndipo sitinkafuna kuti anthu odzipereka aoneke ngati kampani ya alonda kapena apolisi. Chifukwa china n'chakuti dzina limaumba munthu. Kwa okonda Nehemiya aja ndinawatsegulira 1 Mbiri 9, pamene alonda a pa zipata za nyumba ya Mulungu ankagona pafupi nayo, ndipo udindo wawo unali wotsegula m'mawa uliwonse.

Maphunziro anali a Loweruka lililonse kwa milungu isanu ndi umodzi, maola atatu patsiku. Loweruka loyamba ndinabwera ndi thumba la saka, ndipo aliyense anaponyamo chibonga chake. Amayi anakazisonkhezera pophika tiyi wa tsiku lomwelo. Mnyamata wa chikoti anachedwa kuchipereka, anayamba wandifunsa kuti, "Nanga akabwera ndi mpeni, a mkulu, ndizimuimbira nyimbo?" Funso labwino, ndipo tinakhalapo ola lathunthu. Yankho langa linali lakuti wa mpeni sumulimbana naye: umayima patali, umachotsa anthu, umamusiyira njira yotulukira, umaliza wezulo. Kwa achifwamba a mfuti, amene amadziwa kuti pa pungwe pamakhala mafoni ndi ndalama, lamulo lathu ndi limodzi: apatseni, musawayang'anitsitse, sungani m'mutu msinkhu, chilankhulo ndi kumene alowera, akapita imbani foni.

Nthawi yambiri tinaithera pa moni. Zimamveka zachibwana, koma ndiye chida chachikulu. Wakuba safuna kuonedwa. Ukamufikira n'kumupatsa dzanja, "Takulandirani, ndinu ochokera kuti? Ndikupezereni malo," wadziwa kuti nkhope yake yalowa m'mutu mwa munthu. Ngati ndi mlendo weniweni, walandiridwa bwino. Moni womwewo uperekedwe kwa wa jekete ndi wa malaya operepeseka. Tinachita masewero: ine ndinkakhala woledzera, mwamuna wolusa wofuna mkazi wake amene wathawira m'tchalitchi, kapena munthu wodwala maganizo amene walowa akukuwa. Ankaphunzira kuyima chapatali, chammbali, manja poonekera, mmodzi yekha akulankhula, mnzake akuyang'ana.

Pa malamulo ndinawauza zochepa zoti asaiwale. Criminal Procedure and Evidence Act imalola munthu wamba kugwira amene akupalamula mlandu waukulu iye akuona, koma wogwidwayo aperekedwe kwa apolisi mosachedwa. Kumufunsa ndi makofi, kumuvula, kumujambula n'kumwaza pa WhatsApp, zonsezo ayi. Anayi tinawatumiza ku maphunziro a chithandizo choyamba a Red Cross. Onse anagwira chozimitsira moto ndi manja awo pa moto weniweni wa m'mgolo wodula, chifukwa munthu amene sanasololepo kapini kaja sangakasolole mumdima. Nambala za 995 apolisi, 994 ambulansi, 993 ozimitsa moto ndi 116 ya Childline tinazimata kuseri kwa chitseko chilichonse, pamodzi ndi ya siteshoni ya polisi yapafupi ndi za anthu awiri a mumpingo okhala ndi galimoto.

Zida tinagula zotchipa: matochi, mawezulo, majekete owala, bokosi la chithandizo choyamba lokhala ndi magolovesi, zozimitsira moto za ufa ziwiri za 9 kg, ndowa ya mchenga, nyale zotchaja zopachika pamwamba pa khomo lililonse, ndi buku lolembamo zochitika limene alonda timati OB. Akulu ankafuna makamera. Ndinati adikire, poti kamera siitsegula chitseko, ndipo magetsi akazima imagona limodzi ndi tchalitchi. Unyolo wa m'manja ndi utsi wa tsabola tinakana. Membala wina wabizinesi anadzipereka kumabwera ndi mfuti yake ya chilolezo. Tinamuthokoza n'kumupempha aziisiya kwawo. M'chipinda cha anthu 300 ndi ana othamangathamanga, chipolopolo chophonya chili ndi kopita.

Nkhondo yaikulu inali ya loko. Msungichuma anamva ngati ndikumunyoza, poti anagula ndi ndalama za m'thumba mwake. Tinakangana misonkhano iwiri. Potsiriza tinagwirizana kuti usiku tchalitchi chikakhala chopanda anthu lokoyo azitseka, koma munthu mmodzi yekha akangolowa, loko achotsedwe n'kupachikidwa pa msomali pansi pa bolodi la manambala a nyimbo, pamene mpingo wonse ukuona. Khomolo likhale ndi mtumiki wakewake. Mzere woyamba wa OB tsiku lililonse ukhale wakuti loko wachotsedwa nthawi yakuti, ndi sayini. Titayeserera kutuluka pa makomo onse atatu, mphindi 11 zija zinatsika kufika pa zinayi.

Pamene ndinalakwitsa ine

Jenereta ndinailekerera. Ndalama za khola lachitsulo panja zinali zisanapezeke, ndiye ndinavomera kuti izisungidwabe m'kanjira ka ku vestile, bola poiliza aziitulutsa kutali ndi nyumba, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha. Ndinanena pakamwa. Sindinalembe dzina la woitulutsa, sindinaletse ena kuikhudza, ndipo sindinayeze kutalika kwa waya. Nditatopa ndi mkangano wa loko, ndinafuna kuoneka munthu womvetsa zinthu.

Usiku wa pa 31 Disembala

Pa pungwe yolowera chaka chatsopano panali anthu ngati 500. Magetsi anali atazima kuyambira masana, ndipo mvula inkagwa yamphamvu. Waya unali waufupi, anyamata a zoimbira ankaopa kuti jenereta inyowa, ndiye anaiika pakhomo penipeni pa vestile, pansi pa khonde. Cha m'ma 11 koloko inayamba kutsokomola. Mnyamata wa kiyibodi, amene sanali m'gulu lathu, anathamanga ndi chigubu n'kuthira petulo injini ili yotentha. Moto unalilima, nyale zonse zinazima, utsi wakuda unalowa kuseri kwa guwa, ndipo wina anakuwa kuti "Moto!"

Ine kunalibe. Zotsatirazi ndazitenga mu OB ndi kwa amene analipo. Mtsogoleri wa gulu analiza wezulo katatu motalika, monga tinapanganirana. Pa khomo la m'mbali panali mayi wa zaka 58. Anakankha mpiringidzo, anakokera zitseko m'kati anthu asanafike, anakweza tochi pamwamba pa mutu n'kumaitana mosasintha mawu, Chichewa ndi Chishona: "Kuno, pang'onopang'ono! Huyai nekuno!" Anandiuza pambuyo pake kuti mawondo ankagundana, koma anakumbukira kuti anthu mumdima amatsata kuwala ndi mawu. Pafupifupi theka la mpingo linatulukira pamenepo. Khomo la ku vestile linali m'moto, choncho pa makomo atatu amene tinayeserera anatsala awiri. Usiku umenewo loko uja akanakhala pa tcheni, kiyi ali m'thumba la munthu wina pakati pa chikhamu, lipoti lino likanakhala la mtundu wina.

Moto anauzimitsa ndi anyamata awiri, mmodzi ndi chozimitsira cha ufa, mnzake ndi mchenga. Woyambayo ndi yemwe uja wa chikoti. Wina anabwera ndi ndowa ya madzi ndipo anamuletsa, poti madzi amangomwaza moto wa petulo. Mnyamata wa kiyibodi anapsa dzanja ndi mwendo. Anthu achifundo anayamba kuitanitsa mankhwala otsukira mano ndi mazira, koma mmodzi mwa ophunzira chithandizo choyamba aja anakana kwamtuwagalu, anathira madzi oyera a m'thanki kwa mphindi 20, anaphimba ndi nsalu yoyera, n'kumutumiza kuchipatala. Gogo wina anagwa pa masitepe a kutsogolo n'kubinya bondo. Powerenga ana pa kaundula anapeza kuti mmodzi palibe, ndipo atumiki awiri anabwerera ndi matochi n'kukamupeza ali m'tulo pansi pa benchi. Ozimitsa moto anafika n'kuyendera denga kuti palibe chonyeka.

Zina sizinayende. Malo osonkhanirana tinawaika pafupi kwambiri ndi geti, ndipo galimoto zinaimikidwa mothinana, moti yonyamula wopsa uja inavutika kutuluka. Mafoni atatu anasowa m'chipwirikiticho. Atumiki awiri anasiya makomo awo n'kuthamangira kukafuna ana awo, ndipo sindiwadzudzula. Kulakwa kunali kwanga poika makolo a ana aang'ono pa malo oti sangachokepo.

Zotsatira

Tinakhala pansi pasanathe mlungu, zinthu zikadali zotentha m'mitu. Ndinayamba ndi kuvomera kulakwa kwanga pa jenereta pamaso pa onse, ndipo zitatero ena anamasuka kunena zawo. Khola lachitsulo limene linasowa ndalama miyezi itatu linamangidwa m'milungu iwiri. Tsopano jenereta amaikhudza anthu awiri okha olembedwa mayina, ndipo petulo amathira itazimitsidwa n'kuzizira. Malo osonkhanirana anasamukira ku bwalo la mpira wa ana, galimoto zimaima zitayang'ana ku geti, njira yapakati ili yotsegula.

Za ndalama sitinaloze munthu chala. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo umboni panalibe. Tinangosintha kachitidwe: owerenga atatu a mabanja osiyana, ndalama iliyonse pa mzere wake, onse asayine, chiwerengero chilengezedwe Lamulungu lotsatira, ndipo opita nazo ku banki akhale awiri, osatsata tsiku ndi njira imodzimodzi. Manong'onong'o aja anatha okha.

Mnyamata womangidwa ku mtengo uja anavomera za mafoni ndi batire, koma za jenereta yoyamba anakana, ndipo ine ndimamukhulupirira. Siinali yonyamula mwana mmodzi. Mkono unapola. Mutoriro anausiya, anaubwerera, achibale anamutengera ku famu kwa amalume ake kwa miyezi ingapo. Pano amabwera mwa apo ndi apo, amakhala kumbuyo, ndipo mayi wa khomo la m'mbali ndi amene amamupatsa moni. Gogo wake sanabwererebe ku mvano.

Pofika nyengo yozizira gulu linatsika kuchoka pa 12 kufika pa 8. Awiri anapita ku Joni, mmodzi anapeza ntchito ya mashifiti, wina anangotopa. Ndinachedwa kuona kuti anthuwa anali asanamve ulaliki wathunthu kwa miyezi, choncho tinakonza kasinthasintha woti aliyense azikhala pa benchi Lamulungu limodzi mwa atatu, ndipo tikuphunzitsa ena asanu. Mpanda wakumbuyo ukadali waufupi. Zitseko za khomo la m'mbali zikutsegukirabe m'kati, zomwe zikutanthauza kuti usiku uja mayi aja akanachedwa pang'ono, chikhamu chikanazikanikiza. Kalipentala anapereka kale mtengo wozitembenuzira kuti zizitsegukira kunja, pepala lake lili pa tebulo la mlembi wa mpingo, ndipo ndapempha kuti bwalo la akulu liikambe nkhaniyi tisanayeserenso kutuluka, Pasaka isanafike.